Chipolopolo Choyenera Nyama Yake: Mmene Alimi a ku Britain Amasankhira

Alimi a ku Britain salima fodya, ndipo chimanga chimene ena a iwo amalima kawirikawiri n'chodyetsa ng'ombe. Koma pa chinthu chimodzi afanana nafe: nawonso amalawirira kumunda ndi kupeza kuti nyama za m'thengo zadyamo usiku. Kwathu kuno tidandaula ndi nguluwe, anyani ndi apusi. Kumeneko nyama imene imadya tirigu wanthete ndi kubudula nsonga za mitengo yongobzalidwa kumene ndi imene Angerezi amaitcha deer. M'nkhalango zathu mulibe nyama imeneyi, ndipo chinenero chathu chilibe dzina lake lenileni. Iyo ifanana ndi mbawala, koma isiyana nayo pa nyanga. Nyanga za mbawala, za ngoma kapena za mphalapala zimamera kamodzi ndi kukhala mpaka imfa, pamene nyanga za mitundu yambiri ya deer zili ndi mphanda ngati nthambi za mtengo, ndipo zimathothoka chaka ndi chaka ndi kumeranso. M'nkhani ino tizitcha mbawala za ku Britain.

Kalekale nyamazi zinali kuchepetsedwa ndi mimbulu ya kumeneko, koma mimbuluyo inaphedwa yonse zaka za m'ma 1700 zisanathe. Tsono posowa chilombo chozidya, mbawala zachuluka kwambiri, kotero kuti ku Scotland kokha Boma limayerekeza kuti zifika pafupifupi 1,000,000. Ntchito imene inali ya mimbulu yatsalira munthu wa mfuti. M'chaka cha 1959 kunakhazikitsidwa bungwe la Red Deer Commission ku Scotland, ndipo imodzi mwa ntchito zake inali kumva madandaulo a alimi odyeredwa mbewu. M'chaka cha 1963 nyumba ya malamulo inapanga lamulo la England ndi Wales lonena za nyengo zosakira ndiponso za mfuti zololedwa. Lamulolo lisanabwere, anthu anali kuchita uzimba wopirikitsa mbawala ndi kuziombera ndi mfuti zophera mbalame, ndipo zambiri zinali kuthawa ndi mabala ndi kukafera kutali patapita masiku. Chimene tifuna kuti muone ndi ichi: anthu amenewa sanasiye nkhani ya chipolopolo m'manja mwa mlenje aliyense kuti achite mmene aganizira. Anaipima ndi kuilemba m'manambala.

Zigawo za chipolopolo ndi maina ake

Chimene ife timangochitcha chipolopolo chili ndi zigawo zinayi. Pali chigoba cha mkuwa wachikasu. M'kati mwake muli wonga. Kumatako kwake kuli kachitsulo kakang'ono kamene kamayatsa wongawo munthu akakhethemula mfuti. Ndipo kutsogolo kuli mutu, umene ndiwo wokha umauluka kukalasa nyama. Chigoba chimatsalira m'mfuti.

Maina a zipolopolo ndi manambala, ndipo manambalawo amasokoneza anthu ambiri. Nambala yokhala ndi kadontho patsogolo, monga .243 kapena .308, ikutchula kunenepa kwa mutu poyerekeza ndi inchi imodzi, kotero .243 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a inchi. Dzina la .30-06 litanthauza mutu wa .30 umene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 1906. Ajeremani amawerenga m'mamilimita: 7x57 ndi mutu wa mamilimita 7 pa chigoba chotalika mamilimita 57. Dzinali limadindidwa pa mpope wa mfuti ndiponso kumatako kwa chigoba, ndipo awiriwa ayenera kufanana ndendende. Zipolopolo za .303 ndi .308 zimveka ngati pachibale, koma sizisinthanitsidwa ayi. Kukakamiza chipolopolo m'mfuti imene si yake ndi njira yophulitsira mfutiyo kumaso kwa mwini wake.

Kulemera kwa mutu kumapimidwa m'magireni. Paundi imodzi ili ndi magireni 7,000, ndipo mutu wa magireni 100 ulemera magalamu 6 ndi theka, ngati maso a chimanga pafupifupi 20. Liwiro limapimidwa potulukira pa mpope, mapazi angati pa sekondi imodzi. Kulemera ndi liwiro pamodzi zimabala mphamvu, imene Angerezi amaipima ndi muyeso wotchedwa foot-pound, ndiyo mphamvu yonyamulira paundi imodzi kuikweza phazi limodzi. Apa pali chinthu chofunika kuchigwira bwino. Mukawirikiza kulemera kwa mutu, mphamvu iwirikiza kawiri. Koma mukawirikiza liwiro, mphamvu iwirikiza kanayi. N'chifukwa chake kamutu kakang'ono kothamanga kwambiri kangathe kuposa mpholopolo yaikulu ya mfuti ya gogodela imene makolo athu anali kusakira.

Nyama zisiyana, malamulo asiyananso

Ku Britain kuli mitundu isanu ndi umodzi ya mbawalazi, ndipo siilingana msinkhu. Kang'ono kotchedwa muntjac, kamene kanachokera ku China ndi kupulumuka m'munda wa nyama wa ku Woburn, kamalemera makilogalamu 10 mpaka 18, ngati gwape wamng'ono. Ya roe iposa pang'ono, kufika makilogalamu 25. Yamphongo ya mtundu wa fallow ilingana ndi mbawala yathu yaikulu. Yaikulu kuposa zonse ndi red deer, imene yamphongo yake imayambira makilogalamu 90 kufika pafupifupi 190, ngakhale siifika pa ngoma yamphongo yokhwima.

Ku England ndi Wales, lamulo la 1991 limene linalowa m'malo mwa la 1963 likuti mutu usachepere .240 ndipo mphamvu isachepere ma foot-pound 1,700. Kuyambira 2007 analola chipolopolo chocheperapo, cha .220, magireni 50 ndi ma foot-pound 1,000, koma pa mitundu iwiri yaing'ono yokha, muntjac ndi inzake yotchedwa Chinese water deer. Ku Scotland lamulo la 1985 linayenda njira ina. Silinatchule kunenepa kwa mutu konse, koma linati mutu ulemere magireni osachepera 100, uthamange mapazi osachepera 2,450 pa sekondi, ndipo ukhale ndi mphamvu ya ma foot-pound 1,750. Pa roe yokha analola magireni 50 ndi ma foot-pound 1,000. Nambala ya 100 ija inasinthidwa m'chaka cha 2023, ndipo chifukwa chake tichifotokoza kumapeto.

Manambala otere samveka msanga kwa munthu wa khasu, tsono tiwamasulire. Mutu wothamanga mapazi 2,450 pa sekondi udutsa mabwalo a mpira asanu ndi awiri munthu asananene kuti "moni". Mphamvu ya ma foot-pound 1,750 ndi yokwanira kunyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi kulikweza mapazi pafupifupi 16, kupitirira denga la chigafa. Mphamvu yonseyo ili m'kachitsulo kolemera ngati maso a chimanga 20.

Kusiyana kwa malamulo awiriwa kumabala zodabwitsa. Chipolopolo cha .30-30 Winchester, cha m'chaka cha 1895, chapha mbawala zosawerengeka m'nkhalango za ku America, ndipo mphamvu yake ikwanira lamulo la England. Koma mutu wake wa magireni 150 umathamanga mapazi 2,390 okha, kotero mlenje akangowoloka malire kulowa Scotland chipolopolo chomwecho chisanduka choletsedwa. Ena amaseka zimenezi, koma ife tiona kuti lamulo la Scotland lili ndi nzeru yake. M'mapiri opanda mitengo nyama imaomberedwa patali, ndipo mutu wochedwa umagwa msanga panjira, kotero munthu akaphonya kuyerekeza mtunda amalasa mwendo m'malo mwa chifuwa.

Chochepa mphamvu

Mfuti yaing'ono ya .22, ya chipolopolo chimene chinayamba kupangidwa m'chaka cha 1887, ndi yotsika mtengo, siipokosera ndipo siikankha phewa. Alimi a ku Britain amaphera akalulu. Mutu wake ulemera magireni 40, ndipo mphamvu yake siifika ma foot-pound 150, ndiye kuti siikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yofunika pa mbawala yaikulu. Kuombera nayo mbawala ndi mlandu m'dziko lonselo. Sitikana kuti nthawi zina .22 ingagwetse nyama yaikulu, ndipo aliyense wosaka adziwa wina amene anachitapo mwayi wotere. Koma lamulo silinapangidwe poyang'ana tsiku la mwayi. Linapangidwa poyang'ana masiku enawo, pamene kamutuko kamaima pa fupa la phewa kapena kulowa m'matumbo, nyama n'kuthawa, n'kukaolera m'thengo. Mlimi sapeza ndiwo, munda wake ukhalabe ndi mbawala zinazo, ndipo nyama yavutika masiku atatu popanda phindu kwa wina aliyense.

Chipolopolo cha msilikali si cha mlenje

Ambiri a inu muidziwa .303, pakuti ndiyo mfuti imene asilikali a King's African Rifles anali kunyamula pa nkhondo ziwiri zazikulu zija, ndipo m'midzi yambiri muli mabanja amene agogo awo anaisenza kufika ku Burma. Mphamvu ili nayo yambiri. Komabe chipolopolo chake cha usilikali, cha magireni 174, n'choletsedwa pa mbawala ku Britain konse, ndipo alenje odziwa ntchito sachigwiritsa ntchito kwina kulikonse. Chifukwa chake chili pa kapangidwe ka mutu.

Mutu wa msilikali ndi wokutidwa ndi chitsulo cholimba mpaka kunsonga, kotero umaboola thupi ndi kutulukira kwinako uli wosongoka monga unalowera, n'kusiya bala lopapatiza ngati la chisongole. Mutu wa mlenje uli ndi nsonga ya mtovu wofewa kapena kadzenje kunsonga. Ukalowa m'thupi umafutukuka ngati bowa, kunenepa kwake n'kuwirikiza, ndipo umang'amba mapapo ndi mitsempha ya magazi, nyama n'kufa m'kanthawi kochepa. Mitu yofutukuka yotere inapangidwapo m'zaka za m'ma 1890 ku nyumba ya zida ya Dum Dum pafupi ndi Calcutta, ndipo msonkhano wa maiko wa ku Hague wa 1899 unaletsa kuigwiritsa ntchito pa nkhondo chifukwa cha kuopsa kwa mabala ake. Taonani tsono: chimene n'choletsedwa kwa msilikali ndicho chofunika kwa mlenje, pakuti mlenje wachifundo afuna kuti nyama ife pomwepo. Mwini .303 wofuna kusaka ayenera kugula zipolopolo za nsonga yofewa, ndipo ku Scotland achita bwino kusankha za magireni 150, popeza zolemererapo zimangofika pa malire a liwiro kapena kulephera pang'ono.

Pa nkhani ya zipolopolo anthu amakonda kutchula W. D. M. Bell, mlenje wa ku Scotland amene anapha njovu zoposa 1,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makamaka ku Uganda ndi maiko oyandikana nako. Zambiri mwa izo anaziombera ndi 7x57, imene Angerezi amaitcha .275 Rigby, ndi mutu wolimba wa magireni 173 wothamanga mapazi 2,300. Ena amati, ngati kamfuti kameneka kanagwetsa njovu, nanga mbawala n'chiyani? Koma Bell anasankha mutu wolimba dala, kuti uboole fupa lochindikala la chigaza ndi kufika mu ubongo, ndipo anali atasema zigaza za njovu kuti adziwe pamene ubongowo uli. Chipolopolo chake chomwecho lero sichiloledwa pa mbawala ya kwawo ku Scotland, pakuti sichifutukuka ndiponso liwiro lake n'lochepa. Mfuti ya 7x57 ikadali yabwino ndithu pa mbawala, koma ndi mutu wofewa wa magireni 140.

Chopyola mphamvu

Munthu akamva zonsezi angaganize kuti ndi bwino kungogula mfuti yaikulu kuposa zonse. Kumeneko ndi kulakwa kwina, ndipo ife tiona kuti kumagwetsa anthu ambiri kuposa kulakwa koyamba kuja, popeza kumabwera ndi kunyada. Mfuti ikaponya mutu kutsogolo imakankha phewa kumbuyo, ndipo wonga ukachuluka kukankhako kumakula. Munthu amene mfuti yamupweteka kawiri kapena katatu, thupi lake limaphunzira mantha iye osadziwa. Pokhethemula amatsinzina ndi kunjenjemera, ndipo mpope ukasuntha pang'ono pokha, mutu umaphonya ndi mainchi ambiri pa mayadi 100. Malo ophera mbawala ndi m'chifuwa, kuseri pang'ono kwa mwendo wakutsogolo, pamene pali mtima ndi mapapo, ndipo pa nyama yaing'ono malowo saposa kambale ka ndiwo. Mutu wa .243 wolowa pamenepo uposa mutu waukulu wolowa m'mimba. Kuwonjezera apo, chipolopolo chachikulu chothamanga kwambiri chimaphwanya nyama ya m'mapewa ndi kuidetsa ndi magazi oundana, ndipo ogula nyama ya m'thengo amadula mtengo akaona zotere.

N'chifukwa chake .243 Winchester, imene inatuluka m'chaka cha 1955, yakhala yokondedwa kwa zaka zambiri ku Britain. Ndiyo yaing'ono mwa zodziwika zimene zimakwanira lamulo la England pa mitundu yonse. Mutu wake wa magireni 100 uthamanga mapazi pafupifupi 2,960 ndi mphamvu yoposa ma foot-pound 1,900, koma imakankha phewa pafupifupi theka la mmene .30-06 imakankhira. Osaka red deer zazikulu m'mapiri ambiri amakonda .270 Winchester ya 1925, ya mutu wa magireni 130 wopyola mapazi 3,000 pa sekondi, umene sugwa msanga patali; vuto lake ndi phokoso ndi kukankha. Ya .308 Winchester ya 1952, ndi mutu wa magireni 150, ili ndi mphamvu pafupifupi yomweyo ndipo zipolopolo zake zimapezeka paliponse. Ya 6.5x55 ya ku Sweden ndi Norway, ya m'zaka za m'ma 1890, imakankha mofatsa koma imalowa mozama, ndipo kwawoko amaphera nyama zazikulu kuposa red deer. Pakati pa zimenezi, mbawala siidziwa kusiyana. Wodziwa kusiyana ndi mwini phewa, ndipo alenje amalangiza kuti munthu asankhe imene angathe kuika nayo mitu itatu m'kabwalo ka mainchi 4 pa mayadi 100, osati kamodzi kokha koma tsiku lililonse.

Kuseri kwa nyama kuli chiyani?

Mutu wa .308 ukaphonya ndi kukwera m'mwamba ungathe kuuluka mamailo oposa awiri, ndipo ngakhale wa .22 upyola mailo imodzi. Ngakhale wolasa bwino, kawirikawiri umatulukira kuseri kwa nyama ndi kupitirira. Mlenje wophunzitsidwa saombera nyama yoima pamwamba pa chitunda pamene kuseri kwake kuoneka thambo lokha, ndipo saombera m'tchire limene saona mapeto ake. Ayenera kuona nthaka imene mutuwo ukathere. M'zigwa zosalala za England amamanga nsanja ya makwerero pa mtengo, yonga ija imene ana amakhalapo poingitsa anyani, kuti aombere choweramira ndipo mutu ulowe pansi. Minda yathu ndi yothinana kuposa yawo, ili ndi tinjira ta kumadzi ndi abusa a mbuzi paliponse, kotero mfundo iyi njolemera kwambiri kuno.

Mlimi wa ku England wopanda mfuti ya mtundu umenewu lamulo silinamuiwale. Ngati mbawala zikuwonongadi mbewu zake kwambiri, amaloledwa kugwiritsa ntchito chifefe, mfuti ija imamwaza tizipolopolo tambiri, koma ikhale ya 12 bore, ndipo muikidwe tizipolopolo tatikulu totchedwa AAA kapena mpholopolo imodzi yosachepera magireni 350. Tizipolopolo ta mbalame n'toletsedwa. Ayeneranso kutha kusonyeza kuti kuwonongako kunalipodi. Kuno ku Malawi tikumbutsane kuti kukhala ndi mfuti popanda chilolezo cha Boma ndi mlandu, ndipo nyama za m'thengo zimatetezedwa ndi lamulo la 1992, limene zilango zake zinakhwimitsidwa m'chaka cha 2017. Amene munda wake ukudyedwa ayambe wakaonana ndi a za nyama za m'thengo kapena mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake.

Mtovu ndi mkuwa

Chinthu chimene chikusintha masankhidwe a zipolopolo masiku ano ndi mtovu. Mutu wa mtovu ukafutukuka umamwaza tizidutswa tosaoneka ndi maso m'nyama yozungulira bala, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Matumbo amene mlenje amasiya kuphiri amadyedwa ndi mbalame, ndipo ziwombankhanga za ku Scotland, pamodzi ndi china cha mchira woyera chimene ndi mbale wake wa nkhwazi yathu, zapezeka ndi mtovu m'thupi. Chigawo cha California ku America chinaletsa mtovu pa kusaka konse m'chaka cha 2019, ndipo mu July 2025 Boma la Britain linalengeza kuti nalonso lidzaletsa zipolopolo zambiri za mtovu patapita zaka zochepa zokonzekera.

M'malo mwake mukulowa mitu ya mkuwa wokhawokha, imene imatseguka kunsonga ngati duwa koma siiphwanyika. Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, kotero mutu wa mkuwa wa magireni 100 umakhala wautali kuposa wa mtovu wolemera chimodzimodzi. M'kati mwa mpope wa mfuti muli mizere yopotoloka imene imazunguza mutu ngati nguli kuti uuluke molunjika, ndipo mutu wautali umafuna kuzunguzidwa mwamsanga kuposa waufupi. Mipope yambiri ya .243 ili ndi mizere yozungulira kamodzi pa mainchi 10, ndipo imeneyi siikwanira mutu wa mkuwa wa magireni 100. Umauluka mogwedezeka n'kuphonya. Alenje a ku Scotland okhala ndi .243 anapezeka pakati pa zinthu ziwiri: mutu wa mkuwa umene mfuti yawo iponya bwino unali wopepuka kuposa lamulo, ndipo wokwanira lamulo unali wosalunjika. Ndicho chifukwa chake mu November 2023 lamulo linatsitsa kulemera kuchoka pa magireni 100 kufika pa 80, osasintha liwiro ndi mphamvu.

Wosintha kuchoka pa mtovu kupita pa mkuwa asaganize kuti mfuti yake iponyabe pamene inali kuponya. Mutu wina uliwonse, ngakhale wa dzina lomwelo la .243, umagwera pamalo pake, nthawi zina mainchi angapo kumbali kapena pamwamba. Ayenera kupita nayo pa chandamale cha pepala pa mayadi 100, kutsogolo kwa chulu kapena khoma la dothi, ndi kukonzanso galasi lake lolunjikira asanapite nayo kumunda.